Kutchipa kulipo kuwiri: kwa nyengo ndi kwa zowonongeka

Mawu akuti kudya bwino n'kwa anthu olemera a ku Area 10 ndatopa nawo. Amamveka ku sikelo ya ana, amamveka m'minibasi, ndipo ena afika posiya n'kuyesa komwe. Sindikukana kuti zinthu zakwera mu Lilongwe muno. Mafuta ophikira, shuga, makala, zonse zikuwawa. Koma pali chinthu chimene ambiri sitisiyanitsa tikaima pamsika, ndipo n'chimene chikutithera ndalama ndi kutidwalitsira ana. Chakudya china chimatchipa chifukwa ndi nyengo yake, chachuluka, wogulitsa akuopa kubwerera nacho kunyumba. China chimatchipa chifukwa chawonongeka, mwini wake akungofuna chimuchoke. Choyambacho gulani mpaka dengu lidzaze. Chachiwiricho ngakhale akupatseni ulere, chisiyeni pomwepo.

Za magulu asanu ndi limodzi a zakudya sindibwereza, munazimva kale. Pamene timalakwitsa ndi pofuna ndiwo yomweyomweyo chaka chonse. Onani tomato. Kuyambira cha mu Julaye mpaka Okutobala wa m'madimba amakhala mbwee, wochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, mulu wake wosangalatsa. Mvula ikakhazikika, matenda amamugwira m'munda, ndipo pofika Febuluwale mulu uja watsala titomato titatu tonyozeka pa mtengo woboola m'thumba. Munthu n'kumalimbana nayebe tomatoyo, n'kumadandaula kuti moyo wavuta, pamene pa benchi lomwelo pali nkhwani, bonongwe, luni, chisoso, khwanya ndi therere zimene dzinja latulutsa zambirimbiri. Masamba amenewa akatenderedwa ndi nsinjiro safuna tomato wambiri, safunanso mafuta. Ndipo m'thupi amaposa kabichi kutalitali, makamaka pa vitamini A ndi mchere wa ayironi umene umathandiza magazi. Kabichi timamulemekeza chifukwa amaoneka wa m'tauni, koma pa masamba onse a pamsika ali m'gulu la osauka.

Zipatso nazo zili ndi miyezi yake, ndipo palibe mwezi wopanda chipatso chotchipa. Mango ndi masuku kuyambira Novembala mpaka Januwale. Mapeyala ndi magwafa mvula ikamapita kumapeto. Manachesi a ku Mwanza nthawi yozizira, malambe ndi masau m'chilimwe. Nthochi ndi mapapaya sizisowa. Mwana safunika apulo wochokera ku South Africa kuti akule. Mbatata ikachuluka nthawi ya masika, funsani yofiira mkati, monga Kadyaubwerere kapena Chipika, muikonde kuposa buledi pa kadzutsa. Ngumbi za mvula yoyamba ndi ndiwo ya m'gulu la zanyama ngati nyama ina iliyonse, musazichitire manyazi.

Kagulidwe nako kali ndi nzeru yake. Kugula kamulu kamodzi tsiku lililonse pa benchi la pafupi ndi nyumba ndiko kudula kwambiri. Mabanja atatu kapena anayi oyandikana asonkherane, mmodzi alawirire ku msika wa Wakawaka m'mamawa katundu akamatsitsidwa, agule ndowa yathunthu pa mtengo wopikulira, akagawane. Nyemba ndi mtedza gulani mu Meyi, Juni kapena Julaye alimi akangokolola, osati mu Disembala pamene zasanduka mbewu. Nyemba muzinyika m'madzi usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo ndi kuphika ndi ena. Zimapsa msanga, makala amatsala.

Mfutso ndiwo mlatho pakati pa nyengo yochuluka ndi yosowa, koma ambiri m'tauni amaupanga molakwika, amangoyanika masamba aawisi pa lata padzuwa mpaka achite mbuu. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Malichi mpaka Meyi, masamba akadalipo koma mvula yachepa. Atsukeni musanawadule. Aviikeni m'madzi owira a mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, muwatsanule, muwayale mopyapyala pa thandala kapena pa lichero pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba posafika nkhuku ndi fumbi. Dzuwa lachindunji limawononga vitamini A. Awuma pamene akufumbutuka mukawafinya m'manja. Mukawasunga akadali ofewa, pakatha sabata mudzapeza chuku. Ndipo soda amene timathira m'masamba kuti afewe msanga amapha mavitamini ena. Kupatula mu therere mmene tinazolowera, musiyeni.

Tsopano ku kutchipa kwachiwiri kuja, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa mtedza ndi chimanga timadya tsiku ndi tsiku. Ochita malonda akagula mtedza amausankha. Wabwino umapita kwa ogula akuluakulu. Wotsalira, wonyala, wosweka, wakuda, wobooka ndi tizilombo, sutayidwa. Umagulitsidwa motchipa, ndipo wambiri umakagayitsidwa n'kukhala nsinjiro za m'timapepala zimene timagula popanda kuona mtedza wake. Mu mtedza woterewu ndi mmene mumakhala poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Alimi ena amawaza madzi pa mtedza wa makoko kuti usavute kuswa, ndipo chinyezi chimenecho ndicho chakudya cha chuku. Chimanga chimene chakololedwa chisanaume, kapena chayanikidwa pa dothi, chimagwidwa chimodzimodzi.

Chimene anthu sakhulupirira n'chakuti poizoniyu satha ndi moto wa kukhitchini. Kazingani mtedzawo, wiritsani phalalo ola lathunthu, iye alipobe. Sanunkha, ndipo nthawi zambiri simumumva pakamwa. Akalowa wambiri nthawi imodzi amawononga chiwindi mwachangu: ku Kenya m'chaka cha 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Akamalowa pang'onopang'ono kwa zaka, amachulukitsa ngozi ya khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, ndipo kwa ana amayendera limodzi ndi kupinimbira. Dziko lathu lili kale ndi vuto limeneli: kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Sitingawonjezere poizoni pamwamba pa zimenezo chifukwa chofuna kupulumutsa makwacha ochepa.

Gulani mtedza wathunthu umene mukuuona ndi maso. Uthireni pa lichero, mukhale pansi, musankhe kamodzikamodzi. Wonyala, wosintha mtundu, wosweka ndi wobooka uchoke, ndipo musaupatse mwana kuti azitafuna, musauponyerenso nkhuku. Wotsalawo musinje nokha, nsinjiro zokwana sabata imodzi basi. Chimanga chogula pa chigoba chiyeseni kuuma kwake: tengani botolo lagalasi louma, muthiremo chimanga chodzaza dzanja ndi supuni ziwiri za mchere wouma bwino, mutseke, mukhutchumule, mudikire mphindi 15, mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume, chiyanikeninso pa mkeka kapena pa lona musanachiike m'thumba. Thumbalo lisagunde pansi kapena khoma. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhalamo, koma dziwani kuti mbali ina ya poizoni uja imakhala m'khungu lomwelo. Choncho mgaiwa uzichokera ku chimanga chosankhidwa bwino, osati chotolera pansi pa nkhokwe.

Za mango ndinene mwachidule. Mango sayambitsa malungo monga ena amanenera. Amangopsa nthawi imodzi ndi pamene udzudzu ukuswana, ndipo kuletsa mwana mango n'kumumana chakudya chabwino pa mwezi umene chili chotchipa. Choopsa ndi madzi ndi manja. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Tsukani chipatso ndi madzi otetezedwa, sambani m'manja ndi sopo. Mukamadya pa chiimilire masana, sankhani nsima ndi ndiwo zimene zikutuluka nthunzi, musiye saladi ya kabichi yaiwisi imene yakhala pa mbale kuyambira m'mawa, ndipo muyang'ane madzi amene akutsukira mbale. Pa chiwaya, mafuta akuda bii ochita thovu ndiye kuti abwerezedwa masiku ambiri, pitirirani. Bowa gulani mtundu wokhawo umene mukuudziwa. Bowa woopsa kwambiri sayamba kupweteka nthawi yomweyo. Pamatha maola asanu ndi limodzi kapena kuposa, munthu n'kusanza ndi kutsegula m'mimba, kenako n'kuoneka ngati wachira pamene chiwindi chikuwonongeka. Kuchira kumeneko n'konama, thamangirani kuchipatala.

Koma chimene chimandisowetsa mtendere kuposa zonsezi ndi mwana wa chaka chimodzi ndi theka amene timamuona chaka chilichonse pakati pa Januwale ndi Malichi. Nkhani yake siisintha. Anamusiyitsa kuyamwa mwadzidzidzi chifukwa amayi ake aima. Ufa pakhomo ndi wa wokumani, wogula kapaketi kamodzi patsiku. Chakudya chake ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi shuga, m'mawa ndi madzulo, masana kambamu ka nsima koviika mu msuzi, ndiwo yeniyeniyo adya akuluakulu. Akalira amamugulira tokhwasula ta m'mapaketi. Kenako amatsegula m'mimba masiku angapo. Mapazi amayamba kutupa, masaya kufufuma, tsitsi kufiirira ndi kuthothoka, khungu kusupuka ngati wapsa. Sasewera, safuna kunyamulidwa, amangonyinyirika.

Apa ndi pamene masabata amatayika. Oyandikana nawo amati mwana wanenepa. Pa sikelo kulemera kwake kumatha kuoneka bwino, chifukwa akulemera ndi madzi. Kutupa kukakula, akuluakulu amati ndi tsempho, makolo ayambe kulozana zala, mwana apite naye kwa sing'anga, akamuteme mphini pa khungu limene lili kale ndi zilonda, akamumwetse mankhwala otsegula m'mimba kuti madziwo atuluke. Mwana wotere thupi lake silingapirire kutsegula m'mimba kwina. Ena amagula ufa wa m'mabotolo, monga wa chammwamba, umene amatsatsa pa Facebook ndi pa WhatsApp kapena m'mabasi, woti umatsuka m'thupi ndi kuwonjezera magazi, pa ndalama imene ikanagula mazira a sabata yonse. Chammwamba ndi ndiwo yabwino, idyeni, koma si mankhwala a mwana wotupa. Sindikunyoza agogo, amanena zimene anaphunzitsidwa ndipo mdzukulu wawo amamukonda. Ngati pali zoti banja likambirane, lidzakambirane mwanayo ali kale m'manja mwa achipatala.

Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo sikufuna ndalama. Dinani pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zazikulu, muwerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, muchotse. Pakatsala kadzenje pa mapazi onse awiri, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, osati podikira tsiku la sikelo. Kwa mwana wowonda wa miyezi 6 mpaka zaka zisanu, alangizi a zaumoyo amayesa mkono ndi kalamba ka mitundu; kakafika pofiira, pansi pa masentimita 11.5, ndi chimodzimodzi. Musayambe kumukakamiza nyama ndi mazira kunyumba poganiza kuti mubweza zimene zinasowa. Thupi lofooka chotero limayambidwa ndi mkaka wapadera wa kuchipatala, pang'onopang'ono, chiponde cha kuchipatala n'kubwera pambuyo. M'zipatala za boma chithandizochi n'chaulere. Chipondecho ndi mankhwala a mwana mmodzi ameneyo, sichogawira abale ake, sichogulitsa.

Chowawa n'chakuti zimene zikanamuteteza zinali pamsika womwewo, pa mtengo wa nyengo. Makapu anayi a mgaiwa wa chimanga chosankhidwa, kapu imodzi ya ufa wa soya wokazinga kaye asanagayidwe, ndiye maziko a Likuni Phala amene timamudziwa tonse. Pophika phala la mwana muthiremo supuni ya nsinjiro zosinja nokha kapena supuni yaing'ono ya mafuta, tsiku lina usipa wosinja, tsiku lina dzira, tsiku lina nkhwani zophika zopotapota. Likhale lolimba moti silikuyenderera pa supuni mukaipendeketsa. Phala lamadzi limadzaza kamimba popanda kumupatsa kanthu. Mwana wa miyezi 9 mpaka zaka ziwiri adye katatu kapena kanayi patsiku m'mbale yakeyake kuti muone zimene wadya, pakati pake chidutswa cha bango, peyala kapena mbatata, ndipo apitirize kuyamwa. Mayi akaima sayenera kumuchotsa kubere tsiku limodzi, mkaka wake suwonongeka. Mwana akayamba kukana chakudya, kufooka kapena kuzizira manja ndi mapazi, usiku womwewo mubereke mupite naye.