Okonza mapulogalamu aulerewa si antchito anu

Ndatopa nawo uthenga uwu: "Achimwene, kompyuta ija sikugwira. Auzeni anthu anu a Linux akonze msanga." Anthu anga ake ati? Kulibe ofesi ya Linux ku Lilongwe koti ndiimbeko foni, kulibe bwana woti ndikam'dandaulire kuti anyamata ake akugona pantchito. Kagulu kathu kuno ku Kasungu, kamene kamaika Ubuntu (mtundu wa Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta) ndi LibreOffice (yolembera makalata ndi kuwerengetsera) m'makompyuta akale a masukulu ndi a magulu a alimi, n'ka anthu oti masana ali ku ntchito zawo. Wina ndi mphunzitsi, wina amakonza mafoni pamsika. Zamakompyutazi amachita madzulo kapena Loweruka, bandulo n'kugula ndi ya m'thumba mwawo.

Kunja kumene mapulogalamuwa amalembedwa nako zili chimodzimodzi. N'zoona kuti Linux, imene Linus Torvalds anayamba mu 1991 ali pasukulu ku Helsinki, lero ili ndi makampani olemera amene amalipira anthu oilemba, ndipo foni ya Android ili m'thumba mwanuyo yatsamira pa iyo. DHIS2, imene zipatala zathu zimatumizira malipoti ku Unduna wa Zaumoyo, amaiyang'anira ndi a University of Oslo. Koma kunsi kwa zikuluzikuluzi kuli timapulogalamu tambirimbiri tosaoneka, ndipo tina tili m'manja mwa munthu mmodzi wosalipidwa. Zili ngati mjigo wa m'mudzi: otunga ndi mudzi wonse, koma ukathyoka maso onse amapita kwa uja yemwe ali ndi sipanala.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya xz Utils. Ndi kapulogalamu kopanikiza mafailo kuti achepe, ndipo kamapezeka pafupifupi m'Linux iliyonse. Kwa zaka zambiri ankakasamalira ndi Lasse Collin, pafupifupi yekha, popanda malipiro. Mu 2021 kunatulukira munthu wodzitcha Jia Tan n'kuyamba kuthandiza, mwaulemu, mwakhama. Pofika 2022 kunabukanso mayina ena osadziwika, akum'kalipira Collin: ukuchedwa, ntchito yakukanika, usiyire ena. Iye anayankha kuti sakupeza bwino, komanso kuti imeneyi ndi ntchito yongodzipereka. Sanam'mvere chisoni. Pang'ono ndi pang'ono Jia Tan anapatsidwa mphamvu zotulutsa pulogalamuyo, ndipo kumayambiriro kwa 2024, m'mitundu yake ya 5.6.0 ndi 5.6.1, munabisidwa khomo lachinsinsi loti mwini wake azitha kulowera m'makompyuta a anthu kudzera pa SSH, njira yolowera m'kompyuta uli kutali.

Anazitulukira ndi Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft amene amagwira za PostgreSQL, pulogalamu yosungira deta. Anadabwa kuti kulowa m'kompyuta kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, n'kuyamba kufukula, ndipo pa 29 March 2024 anaulula. Theka la sekondi! Akanati alitaye, monga ambirife tikanachitira, chinthucho chikanafalikira m'maseva, makompyuta akuluakulu otumikira ena pa intaneti, a dziko lonse lapansi.

Muone bwino apa. Mbalayo sinathyole chitseko. Inadikira kuti mwini nyumba atope, ndipo omutopetsawo ankalankhula mawu omwewo amene ine ndimawerenga pafoni panga: fulumirani, bwanji simukuyankha, ife tikudikira. Sindikunena kuti inu a hedi kapena a tcheya ndinu mbala. Ndikunena kuti munthu wongodzipereka akakalipidwa tsiku ndi tsiku amachita chimodzi mwa ziwiri: amasiya, kapena amapereka makiyi kwa aliyense wobwera akumwetulira. N'chifukwa chake kwathu kuno munthu watsopano, ngakhale adziwe zinthu bwanji, sitim'patsa password ya admin. Amayamba wayenda ndi mnzake, ntchito yake n'kumaonedwa ndi maso awiri. Ena amakhumudwa nazo. Akhumudwe.

Mukafuna thandizo msanga, nenani zomveka. "Sikugwira" si lipoti. Ndi Ubuntu iti? Munali mukuchita chiyani? Jambulani sikirini yonse, mawu onse aoneke, osati kakona kokha chala chitaphimba theka. Nenaninso ngati magetsi anazima ili mkati mwa update. Musabise, sitikumenyani.

Koma choopsa kuposa mwano ndi kuzengereza. Ubuntu ya LTS, yosamalidwa nthawi yaitali, imatuluka mu April pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo imalandira ma update otseka mipata yolowera akuba kwa zaka 5. Ya 20.04 nthawi yake inatha mu 2025. Windows 10 nayo a Microsoft anasiya kuisamalira pa 14 October 2025, Windows 7 kalekale mu January 2020. Komabe ndikalowa m'maofesi ndimazipeza zikuyaka, mayi wa pa desiki akulembamo mayina ndi manambala a mafoni a alimi. Ndikati tichite update, yankho n'lakuti bandulo yadula, tidikire fodya agulitsidwe. Fodya amagulitsidwa, msika umatsekedwa, mvula imagweranso pomwepo.

Ndiye pobwera vuto amathamangira kwa akatswiri a pansi pa mtengo. Mukuwadziwa: kachikwama kumsana, flashi m'khosi, yankho la matenda onse ndi limodzi, "tiifomate". Pa sukulu ina ya sekondale kuno anatiimbira kuti kompyuta ya mu ofesi ikukana kuyaka bwino. Mnzathu anati abwera Loweruka, asaigwire. Sanadikire. Lachinayi anaitana mnyamata wa pa trading centre, iye n'kufufuta zonse, n'kuikamo Windows yakuba pamodzi ndi ka crack, kapulogalamu kothyolera laisensi, kamene amayamba wazimitsa antivirus kuti kalowe. Mnzathu pofika anapeza a hedi atagwira m'mutu, malikisi a teremu yonse a Fomu 4 atapita, kopi kulibe. Vuto loyambalo linali lakuti disiki inadzaza, basi. Ntchito ya mphindi zochepa. Ndipo mnyamatayo analandira ndalama yake, n'kuwauzanso kuti zaulere n'zosadalirika.

Mawu amenewo amandipweteka, chifukwa zimene anaikazo nazonso sanagule. Kusiyana kwake n'kwakuti code, kapena kuti malangizo olembedwa, ya mapulogalamu ngati LibreOffice ndi xz aliyense angaiwerenge, n'chifukwa chake ngakhale chinyengo cha xz chinagwidwa, pamene crack ya pa flashi palibe akudziwa amene anaipanga ndi zimene anabisamo. Inu n'kumalembamo password ya ku banki.

Munthu asanakhudze kompyuta yanu, m'funseni kuti mafailo awasunga kuti. Akuonetseni pa flashi ina kapena pa hard drive yapadera, mutsegule nokha awiri atatu, muone kuti akutseguka. Akayamba zoti "musadandaule bwana, palibe chitayike" koma osakuonetsani, zimitsani kompyutayo, muitsekere mu ofesi, mudikire Loweruka.