Tayiga woyera si mtundu wapadera

Ambiri akaona tayiga woyera kumalo osungirako nyama amati ndi mtundu wosowa, wofunika kuuchulukitsa. Ayi ndithu. Ndi tayiga wa ku Bengal yemweyo, ndipo si alubino: mizere ali nayo, maso ake ndi abuluu. Kuyerako kumatuluka pokhapokha bambo ndi mayi onse ali nako m'magazi.

Vuto lagona pamenepo. Mu 1951 mfumu ya ku Rewa, ku India, inagwira kamwana koyera n'kukatcha Mohan. Pofuna ana oyera, Mohan anamukweretsa kwa mwana wake yemwe, Radha, ndipo mu 1958 anabadwadi. Kukweretsa pachibale kotereku kwabala matayiga a maso opotoka ndi misana yokhota. N'chifukwa chake mu 2011 bungwe la AZA, la malo osungirako nyama ku America, linaletsa mamembala ake kuswetsa matayiga oyera.