Nsanja zosongoka zisakupusitseni: linga ndi nyumba yachifumu si chinthu chimodzi

Dzuwa likangoyamba kutentha kuno ku Ulaya, mauthenga amayamba kugwa pafoni: "Achimwene, tikubwera, mudzationetse nyumba zachifumu zija, Tower of London, Versailles ndi ija ya ku Germany yansanja zosongoka." Ntchito yanga ndi yoperekeza alendo m'malo akale, ndipo kunena zoona ndatopa nako kumva zinthu zitatuzi zikuponyedwa m'thumba limodzi. Yoyambayo ndi linga, chimene Angelezi amati castle, ndipo anaimanga munthu wogona ndi mantha. Yachiwiriyo ndi nyumba yachifumu, ya munthu amene ankafuna kuti aliyense amuone. Yachitatuyo ndi nyumba yachifumu yongodzionetsa ngati linga. Mwina mukuti ndi nkhani yochepa. Ikanakhala yochepa ndikanakhala chete, koma anthu akutaya ndalama zambiri pa matikiti olakwika chifukwa cha kusasiyanitsa komweku.

Mukafika pa nyumba yakale, musayambe mwayang'ana nsanja. Funani khomo. Pa White Tower, nsanja ya pakati pa Tower of London imene William wa ku Normandy anayamba kumanga cha m'ma 1078, khomo silili pansi ayi. Lili m'mwamba, ndipo mumalipeza pokwera masitepe amatabwa, oti adani akayandikira mutha kuwachotsa. Makoma ake pansi ndi okhuthala kuposa mamita 4, ndipo mazenera aakulu amene mukuwaona lero anachita kuwakuza patapita zaka mazanamazana. William anali atalanda England mu 1066, ndiye anthu amene ankawaopa kwambiri anali a mu London momwemo. Nsanjayo inamangidwa kuti iziwayang'ana iwo.

Mukapeza khomo, funsani za madzi ndi chakudya. Linga lopanda chitsime mkati ndi manda. Edward I, mfumu ya England, atagonjetsa Wales anayamba kumanga malinga a Conwy, Caernarfon ndi Harlech mu 1283, mmisiri wake wamkulu ali James wa ku St George, ndipo onsewo anawaika pofikika ndi ngalawa. Ku Harlech kuli masitepe aatali otsika thanthwe mpaka pamene kale pankafika nyanja. Anthu a ku Wales ataukira mu 1294 n'kulizinga, amuna 37 okha analigwira mpaka zinthu zitazizira, chifukwa chakudya chinkabwera pamadzi. Luso lonse la linga ndi limenelo, kuti anthu ochepa alepheretse gulu lalikulu.

Ndipo musaganize kuti linga linali loteteza anthu wamba. Château Gaillard, limene Richard wa ku England anamanga ku Normandy pakati pa 1196 ndi 1198, linazingidwa ndi Philip II wa ku France mu 1203. Anthu a m'tauni ya pansi pake anathawiramo. Mkulu wa asilikali, Roger de Lacy, ataona kuti chakudya chitha msanga, anawatulutsa. Oyamba aja Afalansa anawalola kudutsa, koma otsatirawo anawabweza, chipata cha linga nacho chili chotseka. Anthu mazana anakhala pa malo otsetsereka pakati pa magulu awiriwo m'nyengo yozizira, ambiri n'kufa ndi njala, asilikali a mbali zonse akuwaona. Lingalo linagwabe mu Malichi 1204. Alendo ambiri amajambula mtsinje wa Seine ali pamwambapo osadziwa kuti pamene apondapo panachitika zotani.

Versailles ndi nkhani ina. Panali kanyumba kofikirako posaka nyama ka Louis XIII, ndipo mwana wake Louis XIV anakakuza mpaka anasamutsirako boma lonse mu 1682. Chipinda chake chotchuka cha akalilole ndi chotalika mamita 73, chili ndi akalilole 357 oyang'anizana ndi mazenera 17 aakulu otsegukira kumunda wa maluwa. Munthu woopa mivi samanga khoma lagalasi. Louis ankadziteteza mwa njira ina: anakokera nduna ndi mafumu ang'onoang'ono pafupi naye kuti azilimbirana mwayi womupatsira malaya m'mawa, asapeze mpata wokonza chiwembu kumidzi kwawo. Zinayenda kwa zaka zoposa 100. Mu Okutobala 1789 khamu lotsogozedwa ndi amayi a m'misika linayenda wapansi kuchoka ku Paris, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, ndipo m'bandakucha wa pa 6 linalowa mpaka kuzipinda za mfumukazi. Panalibe ngalande kapena mlatho wokweza woti uliletse. Tsiku lomwelo banja lachifumu linatengedwa kupita ku Paris.

Za mmene mizinga ndi wonga zinachepetsera mphamvu za makoma aatali sinditaya nazo nthawi, mukuzidziwa. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mafumu atakhala ndi magulu aakulu a nkhondo sanafunenso kuti nduna iliyonse ikhale ndi linga lake, ndipo malinga ena anachita kugwetsedwa dala, monga Corfe, limene aphungu a ku England analamula kuti liphulitsidwe mu 1646. Ena anasanduka nyumba zachifumu pang'onopang'ono. Louvre, ya ku Paris, inayamba ngati linga la Philip II cha m'ma 1190, ndipo mukatsika pansi pake mudzaona maziko a makoma akalewo. Windsor, ya ku England, idakali zonse ziwiri: kunja chulu ndi makoma a linga, mkati zipinda zonyezimira za mfumu. Dzina lisakunamizeni. Afalansa Gaillard ndi Versailles amazitcha château zonse.

Tsopano ija ya ku Germany, Neuschwanstein, imene aliyense amaika pa chithunzi akafuna kunena za linga. Mwala wake wa maziko unaikidwa mu 1869, sitima zapamtunda zikuyenda kale m'dzikomo. Zithunzi zoyamba za maonekedwe ake anajambula Christian Jank, amene ntchito yake inali kukongoletsa nsanja za zisudzo. Makoma ndi anjerwa, miyala yoyera ija anangomata kunja, ndipo chipinda cha mpando wachifumu chinachirikizidwa ndi zitsulo. Munali madzi a m'mipope, zimbudzi zogejemula, mpweya wotentha woyenda m'zipinda, ngakhale lamya. Palibe muvi umene unaponyedwapo kuchokera pa nsanja zimenezo. Ludwig II wa ku Bavaria ankafuna pobisalira anthu, osati adani, ndipo anamwalira mu Juni 1886 nyumbayo isanathe, mpando wachifumu womwewo usanaikidwe. Pasanathe miyezi iwiri anayamba kulowetsamo alendo olipira. Ndi yokongola, sindikana, pitani mukaione. Koma musakauze ana kuti mwaona mmene ankhondo akale ankakhalira.

Apa ndiye pamene madobadoba amadyerapo. Munthu amene sasiyanitsa zinthuzi amakhulupirira chilichonse chonenedwa ndi mawu amphamvu. Adzakulozerani mabowo a pamwamba pa chipata n'kumati apa ankathirirapo adani mafuta owira tsiku ndi tsiku, chonsecho mafuta anali okwera mtengo, ndipo zimene kawirikawiri ankagwetsa ndi miyala, madzi otentha ndi mchenga wamoto. Adzakuuzani kuti masitepe onse ozungulira amakhotera mbali imodzi kuti woteteza amenye bwino ndi dzanja lamanja, pamene malinga ambiri, ena a Edward omwe aja, ali ndi masitepe okhotera mbali inayo. Ku Bran, ku Romania, adzakuonetsani "chipinda cha Vlad", wolamulira wakale amene anthu amamugwirizanitsa ndi nthano ya Dracula, pamene lingalo anamanga anthu a mumzinda wa Brașov kuyambira 1377 kuti lizilondera njira ya m'mapiri ndi kutolera msonkho, ndipo silinali nyumba ya Vlad. Mabodza amenewa amangokuberani nzeru. Oopsa kwenikweni ndi ogulitsa matikiti.

Pali banja lina limene silichoka m'maganizo mwanga. Mwana wamkazi amagwira ntchito yosamalira okalamba ku England, ndipo anasunga ndalama kwa nthawi yaitali kuti aitanitse mayi ake kuchokera kumudzi n'kukawaonetsa Alhambra, ku Granada, Spain. Anachedwa kugula matikiti, anapeza atatha, ndiye anagula kwa munthu wina wa pa WhatsApp amene analonjeza kuti iye sasowa malo. Anandiimbira ali kale pachipata. Nditamupempha kuti andiwerengere zolembedwa pa tikitiyo, anati minda, Generalife (nyumba yopumulirako mafumu, ya kunja kwa mpanda) ndi Alcazaba. Mtima unandigwa. Alhambra ndi zinthu ziwiri mu mpanda umodzi. Alcazaba ndi linga, nsanja zouma ndi maziko a nyumba za asilikali. Zimene anthu amawolokera nyanja kukaona, makoma osemedwa ngati nsalu yoluka ndi bwalo la kasupe wokhala pa mikango 12 yamwala, zili mu nyumba zachifumu za mafumu a Chisilamu a banja la Nasrid, amene anapereka mzindawo kwa Ferdinand ndi Isabella mu 1492. Tikiti yawoyo inali yeniyeni, koma ya mtundu wotsika mtengo umene sulowetsa munthu m'menemo, ndipo anailipira ndalama zoposa za tikiti yathunthu. Wogulitsayo foni anali atazimitsa.

Mayiwo, mawondo ali owawa, anayesa masitepe a nsanja ya Alcazaba n'kulekera panjira. Mwana wawo atawapatsa foni, anangondifunsa kuti, "Bambo, ndiye nyumba ya mfumuyo ndi iti?" Ndinati, "Amayi, ndi yomwe mukuiona patsogolo panuyo, pamene anthu afola mzerepo." Anali ataima chapafupi ndi khomo lake, ndipo ndege yobwerera inali ya m'mawa mwake. Mwanayo akanadziwa kuti Alcazaba ndi linga chabe, akanaona vutolo tsiku lomwe anatumiziridwa tikitiyo.

Choncho gulani pa tsamba la intaneti la eni malo, osati loyamba kutuluka mukafufuza, poti oyambawo nthawi zambiri amakhala ogulitsa apakati olipira kuti aoneke pamwamba. Werengani dzina la chinthu chilichonse cholembedwa pa tikiti. Ya Alhambra imakhala ndi dzina lanu, pachipata amafuna pasipoti, ndipo ola lolembedwapo ndi lolowera mu nyumba za Nasrid. Mukaliphonya, mwaphonya basi, kulira sikuthandiza. M'chilimwe matikiti amenewa amatha kukadali masabata angapo. Ku Neuschwanstein mumalowa pagulu, pa nthawi yoikika, ndipo ulendo wa mkati ndi wa mphindi pafupifupi 30, koma kukwera phirilo wapansi kuchokera ku Hohenschwangau, mudzi wa m'munsi mwake, kumadya mphindi 30 mpaka 40, ndiye amene ali ndi okalamba aganizire za basi kapena ngolo ya mahatchi. Versailles satsegula Lolemba. Zipinda za Buckingham Palace zimatsegulidwa kwenikweni m'chilimwe, mwambo umene unayamba mu 1993 pofuna ndalama zokonzera Windsor, moto wa pa 20 Novembala 1992 utaononga zipinda 115.

Wofuna kukuperekezani mufunseni chiphaso chake popanda manyazi. Ku Britain ovomerezeka amavala baji, yotchuka ndi Blue Badge, ndipo ku France ali ndi khadi la boma. Amene akwiye ndi funsolo musiyeni pomwepo. Ndipo inu okhala ku Britain amene mukuitanitsa makolo, viza ya ku Britain siwalowetsa ku France, Germany kapena Spain. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen payokha, ndipo mlendo amaipemphera kudziko kumene amakhala, asananyamuke. Yambani ndi vizayo, kenako tikiti ya nyumba imene mukufuna kuona, ndege ibwere pomaliza.