Mpeni wolembedwa kuti stainless nawonso umachita dzimbiri

Anthu ambiri akamagula mpeni wopinda woyenda nawo m'thumba amayamba ayang'ana mawu akuti stainless, pokhulupirira kuti mpeni wotere sungachite dzimbiri ndipo umaposa ina yonse. Maganizo amenewa ndi akale, koma ndi olakwika.

Chitsulo cha mtundu umenewu, chomwe katswiri wa zitsulo Harry Brearley anachipanga mumzinda wa Sheffield ku England mu 1913, chimasakanizidwa ndi chitsulo china chotchedwa chromium, chosachepera 10.5 peresenti, ndipo chromium imeneyo ikakumana ndi mpweya imapanga kachikopa kosaoneka ndi maso komwe kamateteza chitsulocho. Kachikopako kamagonja ndi mchere pamodzi ndi chinyontho chokhalitsa. Munthu akatumbula nsomba, n'kupinda mpeniwo osaupukuta, kenaka n'kuuponya m'thumba la thalauza lonyowa ndi thukuta, posakhalitsa amapeza timadontho tofiirira, makamaka pamsomali pomwe mpeni umapindikira, chifukwa madzi amabisala pamenepo ndipo sauma msanga.

Chimandidandaulitsa n'chakuti chikhulupiriro chimenechi chimachititsa anthu kunyoza mipeni yachitsulo cha kaboni, chomwe chilibe chromium yochiteteza ku dzimbiri, monga Okapi wa ku South Africa kapena Opinel Carbone wa ku France. N'zoona kuti mipeni imeneyi imada ikangosenda mango kapena kudula ndimu, koma kudako sikuwononga kuthwa kwake, ndipo imanoleka mosavuta pamwala wamba. Amene amagwira ntchito pamadzi tsiku lonse asankhe stainless, koma nayenso aziupukuta mpeniwo asanaupinde ndi kudonthezera mafuta pamsomalipo.