Tauni ya Mangochi Isamangokula Motsata Msewu wa Tala

Aliyense woyenda pamsewu wochoka ku Mangochi Boma kulowera ku Monkey Bay amaona momwe masitolo, nyumba ndi malo ogona alendo zandandalikira m'mbali mwa tala, pomwe kuseri kwake kuli tinjira tokhotakhota tomwe ambulansi singadutse. Kwa ife okonza mapulani a matauni, kakulidwe kotere n'kowonongetsa ndalama, ngakhale wogula puloti aliyense amaona ngati wapeza malo otchipa.

Paipi ya madzi ndi waya wa magetsi mtengo wake umatengera kutalika. Mabanja akamanga moyandikana, a Southern Region Water Board ndi a ESCOM amawafikira mosavuta, koma akamwazikana, paipi yomweyo imatumikira anthu ochepa, ndipo mayi amalipira kabaza kawiri kuti akafike kumsika kapena kuchipatala. N'chifukwa chake timalangiza kuti ayambe amangidwa mapuloti opanda kanthu apakati pa tauni, ndipo nyumba zosanjikizana zokhala ndi sitolo pansi, anthu n'kumagona pamwamba, zisamaoneke ngati za ku Blantyre kokha.

Chofunika koposa ndicho kusiya malo a msewu, ngalande, sukulu ndi msika anthu asanayambe kumanga. Msewuwo ukhoza kukhala wafumbi kwa zaka zambiri, zimenezo si vuto. Vuto limabwera nyumba za njerwa zootcha zikamangidwa pamalo ake, pakuti kuzigumula kumafuna chipukuta misozi chomwe khonsolo kawirikawiri silingakwanitse. Lamulo loyang'anira mapulani a kamangidwe, la Physical Planning Act la 2016, lilipo, koma m'madera a m'mphepete mwa tauni malo ambiri amadutsa m'manja mwa mafumu, choncho pulani yomwe mfumu sinaione imathera m'kabati.

Mangochi ilinso ndi vuto lakelake. Tauniyi, yomwe inayamba mu 1891 ndi dzina loti Fort Johnston, ili pachigwa m'mbali mwa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Madzi a m'nyanja atakwera mu 2024, nyumba ndi malo ogona alendo omangidwa pafupi kwambiri ndi gombe analowa madzi. Madambo ndi magombe asamagawidwe ngati mapuloti, chifukwa ndiwo amalandira madzi osefukira, komanso asodzi ndi ochapa amafunika njira yofikira kumadzi yosatsekedwa ndi mipanda.

Pomaliza pali kutentha. Anthu ambiri kuno amayenda pansi kapena panjinga, motero mitengo ya mthunzi, makhonde a masitolo ndi kanjira ka njinga kopatukana ndi malole ziyenera kulembedwa m'pulani ya msewu kuyambira pachiyambi, ndi ndalama zake zomwe.