Apilo si kuzenganso mlandu

Munthu akagonja pamlandu, kawirikawiri mumamumva akuti, "Tikaonana ku Suprimu." Komatu Supreme Court of Appeal, khoti lalikulu koposa onse m'Malawi muno, silizenga mlandu kuyambira pachiyambi. Ntchito yake ndi kuona ngati khoti la m'munsi linalakwitsa.

Milandu yambiri imayambira kwa majisitireti: kuba, kuvulazana, ngongole zing'onozing'ono. Ya kupha munthu ndi ya kuukira boma imazengedwa ku High Court, yomwe ili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Wosakhutira ndi chigamulo cha majisitireti amakadandaula ku High Court, ndipo akachoka kumeneko ndi pomwe angafike ku Suprimu.

Pa apilo oweruza amawerenga zomwe zinalembedwa mlandu ukuzengedwa koyamba, n'kumva mfundo za mbali zonse ziwiri. Mboni sabwerezanso kuzifunsa. Umboni watsopano amaulola mwa apo ndi apo, makamaka mukaonetsa kuti nthawi ija simukanatha kuupeza. Risiti yomwe munaisiya kunyumba, kapena funso lomwe simunafunse mboni, kuzibweza n'kovuta kwambiri. Ambiri amayamba kufuna loya atagonja kale, pamene loyayo amafunika pa tsiku loyamba.

Nthawinso siidikira munthu. Pamlandu waupandu wochokera kwa majisitireti, kalata yodziwitsa kuti muchita apilo iperekedwe pasanathe masiku 10. Mukachedwa muyenera kupempha chilolezo, ndipo khoti likhoza kukana. Apilo payokha siimitsa chigamulo: pempho loimitsa ndi lapadera, apo ayi katundu wanu alandidwa apiloyo ili m'njira. Chomvetsa chisoni ndi pamene fayilo yachedwa kutayipidwa kapena yasowa, chifukwa oweruza alibe chowerenga, mkaidi n'kumangodikira.

Khoti la malamulo aakulu a dziko silikhala lokhazikika palokha. Mkulu wa oweruza akatsimikiza kuti nkhani ikukhudza malamulowa, oweruza a High Court osachepera atatu amaimvera pamodzi. Pamlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019 analipo asanu, ndipo pa 3 February 2020 anathetsa zotsatira zake. Apilo itapita ku Suprimu, oweruza asanu ndi awiri anagwirizana nawo pa 8 May, natsimikiza kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Tanthauzo la lamulo lomwe Suprimu yapereka limamanga makhoti onse a m'munsi.