Masenti a zilembo ziwiriziwiri ndi mkangano wa mtengo wake

Ku America kuli anthu amene amapita kubanki kukagula mabokosi a masenti, n'kuchezera usiku akuunika kandalama kamodzikamodzi ndi galasi lokulitsira zinthu. Chimene amasaka ndi kandalama komwe zilembo kapena manambala ake anatuluka awiriawiri, komwe iwo amakatcha doubled die.

Chilemachi chimayambira pa chidindo chosulira ndalama, chifukwa nachonso chimachita kudindidwa. Amatenga chitsulo cholimba kwambiri chotchedwa hub, chokhala ndi chithunzi chotumphuka, n'kuchikanikiza pa chitsulo china chimene achifewetsa ndi moto. Kale kukanikiza kamodzi sikunkakwanira. Ankachotsa, kuotchanso, n'kukanikizanso. Ulendo wachiwiriwo hub ikakhala mokhota pang'ono, chidindo chinkatenga zithunzi ziwiri, ndipo ndalama iliyonse yosulidwa nacho inkatengera chilemacho ndendende.

Chaka chimene chinautsa zonsezi ndi 1955. Kufakitale yosula ndalama ya ku Philadelphia, chidindo china chotere chinasula masenti pafupifupi 40,000 anthu asanazindikire. Pamene ankatulukira, masenti apakati pa 20,000 ndi 24,000 anali atasakanikirana kale ndi abwinobwino ambirimbiri, ndipo akuluakulu anangoti apite. Ambiri anakapezeka cha ku Massachusetts ndi ku New York, ena m'mapaketi a ndudu. Nthawi imeneyo paketi inali masenti 23 koma makina ogulitsira ankalandira ndalama ya masenti 25, choncho chenji ya masenti awiri ankaitsekera m'kapulasitiki kokutira paketiyo. Senti imeneyi sifuna galasi. Chaka cha 1955 ndi mawu akuti LIBERTY zimaoneka ngati munthu walemba kawiri dzanja likunjenjemera. Lero ngakhale yoperepeseka imaposa madola 1,000.

Anthu atamva za mtengowo anayamba kuyang'anitsitsa chenji yawo, ndipo zina zinatulukadi. Senti ya 1969 yosulidwa ku San Francisco inafika panthawi yoipa, boma likufufuza anthu ena amene ankapanga masenti achinyengo a chaka chomwecho, moti apolisi a Secret Service analanda ndi zenizeni zomwe. Za 1958 zikudziwika zitatu zokha, ndipo imodzi inagulidwa ndalama zoposa madola 1 miliyoni mu 2023.

Koma zikuluzikuluzi n'zowerengeka. Osakawo atayamba kugwiritsa ntchito magalasi amphamvu, anapeza kuti zidindo zolakwika pang'ono chabe zilipo zankhaninkhani: kachilembo konenepa kuposa tinzake, kamchira ka nambala kogawanika nsonga. Anthu monga John Wexler ndi bungwe la otolera ndalama zolakwika lotchedwa CONECA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1983, anayamba kuzilemba m'kaundula, chilichonse ndi nambala yake. Mkangano unabadwira pamenepa. Akaleakale pa ntchito yotolera ndalama ankati chinthu chimene diso silingachione palokha si cholipirira. Osakawo ankayankha kuti chidindo ndi chidindo, chilema chikule kapena chichepe.

Msika sunakondere mbali imodzi yokha. Mu 1972 zidindo zingapo zinalakwika. Senti ya chilema chooneka bwino kwambiri imagulidwa madola mazana angapo, zambiri mwa zinazo n'zotchipa, koma ya chidindo chachinayi m'kaundula, ngakhale chilema chake sichioneka kwenikweni, ndi yodula chifukwa imasowa. Senti ya 1995 inayamba ndi mtengo wokwera, kenako anthu atazipeza zambiri mtengo unagwa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mafakitale a boma anasintha njira, n'kuyamba kukanikiza hub kamodzi kokha, ndipo ambiri anaganiza kuti nkhaniyi yatha. Sinathe. Chitsulo chimatha kusuntha pang'ono kukanikizako kukungoyamba, ndiye chilema chimatsalira pakatikati pa chithunzi. Ndalama ya masenti 25 ya 2005 yolemekeza dera la Minnesota inatuluka ndi kamtengo kowonjezera m'nkhalango yake, m'mitundu yoposa 50. Pa senti ya 2009 yoonetsa Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa America, atakhala pa chipika akuwerenga, anthu anapeza zala zowonjezera pa dzanja logwira buku. Zambiri mwa zoterezi zimagulidwa madola owerengeka, ndipo kutumiza imodzi ku PCGS kapena NGC, makampani ounika ndalama zoterezi, kuti akaitsimikize kumadya ndalama zoposa mtengo wake.

Ine ndili kumbali ya osakawo. Munthu amene wagwira kandalama n'kutha kunena kuti kanachokera pa chidindo chakutichakuti, potsatira timizere ndi ting'alu tomwe tili pa tinzake tonse, wachita ntchito yeniyeni yofufuza. Chimene chimandiwawa ndi malonda a pa intaneti, kumene anthu osadziwa amagulitsidwa zabodza pamtengo wa zenizeni. Nthawi zambiri amagulitsidwa ndalama yomwe chidindo chake chinali chabwinobwino koma chinagwedera posula. Mukaunika, chithunzi chachiwiricho chimakhala chaphwatalala ngati kasitepe, ndipo chimadya chilembo n'kuchichepetsa, pamene pa yeniyeni zilembo zonse ziwiri zimakhala zotumphuka, nsonga zake zogawanika. Ya 1955 nayonso ili ndi yofanana nayo yotchipa, yosulidwa ndi chidindo chotha ntchito: nambala 5 yomaliza imakhala ndi kamthunzi, koma LIBERTY amakhala mmene alili.